Mphindi zisanu kuchoka pa Falcon Field: lipoti la ngozi ya ndege pa mapiri a Superstition

Madzulo a Lachitatu pa 23 Novembala 2011, nthawi ili cha m'ma 6:31, ndege yaing'ono ya mainjini awiri inawomba thanthwe m'mapiri a Superstition, kum'mawa kwa mzinda wa Phoenix m'chigawo cha Arizona ku America. N'kuti itangotha mphindi pafupifupi zisanu chinyamukireni pa bwalo la Falcon Field ku Mesa. Anthu onse asanu ndi mmodzi amene anali m'ndegemo anafera pomwepo: akuluakulu atatu ndi ana atatu a bere limodzi, a zaka 9, 8 ndi 6.

Kunja kunali kwabwino usiku umenewo. Kunalibe mvula kapena nkhungu yoti itseke njira. Bungwe lofufuza ngozi za ndege ku America la NTSB silinapeze chovuta chilichonse pa mainjini kapena pa zowongolera ndege. Ndegeyo inali kuyenda mowongoka, pa liwiro lake, woyendetsa ali nayo m'manja, mpaka inakafika pa mwala. Pantchito yathu ngozi yotere timaitchula kuti CFIT, kutanthauza kuti ndege yabwinobwino, yomvera woyendetsa, yalunjikitsidwa pa nthaka kapena paphiri woyendetsayo asakudziwa.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa oyendetsa ndege, ndipo wophunzira aliyense asanayambe maulendo ausiku ndimakhala naye pansi n'kuwerengera limodzi nkhani imeneyi. Ndimaisankha chifukwa mulibe munthu wopenga kapena woledzera amene tingamuloze chala kuti mitima yathu ikhale pansi. Muli anthu odziwa ntchito yawo, amene anachita zimene ambiri a ife tinachitapo.

Ndege, anthu ndi ulendo

Ndegeyo inali Rockwell Commander 690A, nambala yake N690SM, ya mainjini a turbine ozunguza mapulopela. Kampani ya Ponderosa Aviation ya ku Safford, komweko ku Arizona, inali itangoigula kumene ku Indiana n'kufika nayo kwawo pafupifupi sabata imodzi ngoziyi isanachitike. Ulendo wa tsikulo sunali wamalonda. M'mawa mwake linali tsiku la chikondwerero cha Thanksgiving, pamene mabanja ku America amasonkhana, ndipo bambo wa ana aja, amenenso anali woyendetsa ndege pakampaniyo, anapita ku Mesa kukatenga ana ake kuti akakhale nawo ku Safford. Pobwerera iwo anakhala kumbuyo ndi anawo. Ndege inali m'manja mwa mnzawo, mmodzi wa eni kampani, yemwe anali ndi chiphaso choyendetsera ndege zamalonda. Munthu wachitatu anali makaniko wa pakampanipo.

Kuchoka ku Falcon Field kufika ku Safford ndi makilomita pafupifupi 200, ulendo waufupi kwambiri kwa ndege ya mtundu umenewu. Woyendetsayo njirayi ankaidziwa. Anali ataiyendapo kangapo, ndipo masiku awiri okha m'mbuyomo anaiyenda usiku ndi ndege ina.

Dzuwa linalowa cha m'ma 5:20. Mwezi kunalibe, poti unali utatsala pang'ono kuti ukhale watsopano. Pofika nthawi yonyamuka mdima unali utagwiratu.

Ulendowu unali wa VFR. Kwa amene sali pantchitoyi, njira zoyendetsera ndege zilipo ziwiri. Ya IFR ndi yodalira zipangizo: umapereka ndondomeko ya ulendo, oyang'anira ndege a pansi amakupatsa njira ndi kutalika koyenera kuuluka, ndipo kutalikako kunawerengedwa kale kuti kukudutsitse pamwamba pa phiri lililonse. Ya VFR ndi yodalira maso: udindo wonse wopewa mapiri, mitambo ndi ndege zina uli pa iwe mwini. Malamulo a ku America amalola VFR usiku bola kunja kukhale koyera. Vuto lonse la nkhaniyi lagona pa mawu akuti koyera. Mpweya ukhoza kukhala woyera moti nyali ya pa makilomita 50 n'kumaoneka, koma phiri la pa makilomita awiri osaoneka n'komwe, chifukwa phiri lilibe nyali.

Zimene zinachitika

Ndege inanyamuka pa msewu wonyamukira ndege wa 4R, umene umaloza kumpoto chakum'mawa. Safford ali kum'mawa chakumwera, choncho woyendetsa anafunika kukhotera kumanja akangodzuka. Koma kunali ndege ina imene inkabwera kudzatera, ndiye woyang'anira ndege wa pa nsanja ya pabwalopo anamuuza kuti apitirire molunjika kaye mpaka atamuuza. Patapita masekondi pafupifupi 90 anamulola kukhota. Anakhota, nakwera kufika pa mafiti 4,500, amene ndi mamita pafupifupi 1,370, n'kuikhazika ndege pamenepo. Rada inaonetsa mzere wowongoka kuchokera apo, wolunjika ku Safford, wosakhota ndiponso wosakwera, mpaka pamene chizindikiro cha ndegeyo chinazimirira. Inawomba pang'ono chabe pansi pa nsonga ya thanthwe, n'kuyaka moto umene anthu a ku Apache Junction, m'munsi mwa phirilo, anauona.

Masekondi 90 amenewo ndi ofunika kuwamvetsa bwino. Mukajambula mzere pamapu kuchokera pa bwalo la Falcon Field penipeni kupita ku Safford, mzerewo umadutsa makilomita pafupifupi asanu kumwera kwa phiri limene analiwomba. Munthu wonyamuka n'kukhota nthawi yomweyo, pa mafiti 4,500, amalilambalala phirilo, mwina osadziwa n'komwe kuti walilambalala. Koma ndege yothamanga ikapitirira kumpoto chakum'mawa kwa mphindi imodzi ndi theka, imakhala yasuntha makilomita angapo. Ukatero n'kulunjika ku Safford kuchokera pamalo atsopanowo, mzere wako sulinso uja wakale. Uwu watsopanowu unkadutsa paphiri.

Zili ngati munthu wozolowera kupita kumunda mbandakucha wopanda tochi. Miyendo imaidziwa njira kuyambira pakhomo pake. Tsiku lina wayamba wapatukira kwa mnansi kukabwereka khasu, ndipo pochoka kumeneko walunjika kumunda monga mwa masiku onse, kuiwala kuti pakati pa nyumba ya mnansiyo ndi munda pali chitsime.

Wa pa nsanja sanalakwitse pomuchedwetsa. Kulekanitsa ndege zimene zikunyamuka ndi zimene zikutera ndiyo ntchito yake, ndipo malangizo ngati amenewa timalandira tsiku ndi tsiku. Chimene chinasowa n'chakuti woyendetsa, atasunthidwa pa njira yake, adzifunse kuti kodi tsopano kutsogolo kwanga kuli chiyani.

Chifukwa chake sanalione

Ophunzira ambiri amavutika kukhulupirira kuti munthu wa maso abwino angalephere kuona phiri lalikulu chonchi. Nsonga yaitali ya mbali imeneyi ya mapiri a Superstition imapitirira pang'ono mafiti 5,000, ndipo masana imaoneka kuchokera mbali zambiri za Phoenix. Koma taganizani mmene zinalili m'chipinda cha woyendetsa. Wangochoka pa bwalo lowala, mkati mwa mzinda waukulu wa magetsi ambirimbiri. Diso la munthu limafuna mphindi pafupifupi 30 mumdima kuti lizolowere bwino, ndipo iye anali nazo zisanu, zimenenso anazithera pamwamba pa nyali za Mesa ndi Apache Junction, zipangizo zikuwala patsogolo pake. Nyali za mzinda zikatha kumayamba chipululu chotetezedwa chopanda nyumba kapena msewu. Kumeneko thambo ndi lakuda, nthaka ndi yakuda, phiri ndi lakuda. Palibe mzere wosiyanitsa chimodzi ndi chinzake.

Pali chinanso chokhudza diso. Pakati penipeni pa diso, pamene timaonera zinthu bwino masana, sipagwira ntchito mumdima wandiweyani. Mbali zam'mphepete ndi zimene zimaona usiku. Ndiye chinthu chimene wachilunjika n'kumachiyang'anitsitsa n'chimene sungachione msanga. Komanso munthu akamakwera m'mwamba mpweya wa okosijeni umachepa, ndipo kuona usiku ndiko kumayamba kufooka zina zonse zisanafooke. N'chifukwa chake bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA limalangiza kugwiritsa ntchito okosijeni usiku kuyambira pa mafiti 5,000.

Timaphunzitsa kuti ukaona nyali za kutsogolo zikuzima imodzi ndi imodzi kuyambira m'munsi, dziwa kuti pali phiri limene likukwera pakati pa iwe ndi nyalizo. Langizoli ndi loona, koma limathandiza pokhapokha ngati kuseri kwa phirilo kuli nyali. Kukakhala kulibe, palibe chozima.

Ndipo chipangizo chosonyeza kutalika sichinama, koma sichinena zonse. Chimawerenga kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Falcon Field ili pa mafiti pafupifupi 1,400, choncho pa mafiti 4,500 woyendetsa anali ndi mpata wa mafiti oposa 3,000 pansi pake ali pamwamba pa mzinda. Patangopita mphindi ziwiri kapena zitatu mpatawo unatheratu, koma muvi wa chipangizocho unali pomwe paja, pa 4,500. Ndege yothamanga makilomita oposa asanu pa mphindi imodzi siipatsa munthu nthawi yoti aone mwala ndi nyali za ndege n'kuchitapo kanthu.

Denga la mafiti 5,000

N'chifukwa chiyani anaima pa 4,500, ndege yake ili ndi mphamvu yokwera mafiti oposa 2,000 pa mphindi? Yankho lili pa bwalo lalikulu la Phoenix Sky Harbor. Mlengalenga wozungulira bwalo lotanganidwa chotere umatetezedwa, ndipo umatchedwa Class B. Pafupi ndi bwalo umayambira pa nthaka penipeni, ndipo ukamatalikira umayambira m'mwamba, masitepe masitepe. Ndege ya VFR siloledwa kulowamo popanda chilolezo chomveka bwino cha oyang'anira. Kum'mawa kwa Falcon Field, sitepe ya Class B inkayambira pa mafiti 5,000. Woyendetsa wosafuna kupempha chilolezo amadutsa pansi pake, ndipo 4,500 ndi nambala imene aliyense angasankhe.

Oyendetsa ndege zing'onozing'ono a m'deralo anali atadandaulapo kale kuti kagawidwe ka mlengalengaka kamawapanikizira pansi pamalo pamene nthaka ikukwera. Dandaulolo ndi lomveka, ndipo ine ndimagwirizana nalo. Komabe sitepe ya Class B si khoma. Munthu umatenga wailesi, n'kuitana oyang'anira a Phoenix, n'kupempha kukwera. Akhoza kukulola, akhoza kukukaniza, akhoza kukupatsa njira ina. Woyendetsa wathu sanapemphe.

Apa pali chinthu chimene ndimachiona kawirikawiri mwa ophunzira, ngakhalenso mwa anzanga amene akhalitsa pantchito. Timaopa kwambiri kulowa mumlengalenga woletsedwa kusiyana ndi kuopa phiri. Kulowa mu Class B wopanda chilolezo kuli ndi zotsatira zimene tonse timazidziwa: amakupatsa nambala ya foni yoti uimbe ukatera, pamakhala mafunso, mwina chiphaso n'kulandidwa kwa kanthawi. Mantha amenewo ali ndi nkhope. Phiri usiku lilibe nkhope, ndiye maganizo onse amapita ku denga lili pamwamba, pansi n'kuiwalika. Wophunzira wanga ndimamuuza mosapsatira kuti tsiku limene adzakakamizike kusankha pakati pa ziwirizi, akwere, alowe mu Class B, nkhani ya chiphaso tidzaikamba ali moyo.

Sanapemphenso chithandizo chimene oyang'anira amapereka kwa ndege za VFR, choti azikutsatira pa rada ulendo wonse. Makompyuta a oyang'anira ali ndi chenjezo lotchedwa MSAW, limene limalira ndege ikayandikira nthaka mowopsa. Koma ndege ya VFR imene sikulankhula ndi aliyense, yongoonetsa pa rada nambala wamba ya ndege za VFR ya 1200, chenjezolo siliiwerengera. Kupanda kutero likanamalira tsiku lonse chifukwa cha tindege touluka m'munsi. Kuti likugwirire ntchito uyenera kupempha. NTSB inatchula kusapempha kumeneku pakati pa zinthu zimene zinathandizira ngozi, pamodzi ndi kutayirira kobwera ndi chizolowezi komanso kusazindikira pamene ndege inali poyerekeza ndi mapiri. Gwero lenileni, malinga ndi bungweli, linali kulephera kwa woyendetsa kusankha njira ndi kutalika zogwirizana ndi ulendo wa maso usiku wopanda mwezi.

Lamba wa pampando

Mbali iyi imandipweteka mtima kuposa zonse. Kuyambira mu Malichi 2005, lamulo la ku America limafuna kuti ndege ya mainjini a turbine yokhala ndi mipando ya apaulendo isanu ndi umodzi kapena kuposa ikhale ndi TAWS. Chipangizo chimenechi chili ndi mapu a mapiri mkati mwake, chimadziwa pamene ndege ili kudzera pa GPS, ndipo chikaona kuti njira yako ikukathera pa nthaka chimalankhula mokweza masekondi makumi angapo zisanachitike, kukuuza kuti ukweze ndege. N690SM inalibe TAWS. Mabuku a ndegeyo anasonyeza kuti lamba mmodzi wa pa mpando wautali wakumbuyo anachotsedwa kuti mipando ya apaulendo iziwerengedwa isanu, ndipo potero ndegeyo inkaoneka ngati yosakhudzidwa ndi lamulolo.

Ndikudziwa mmene maganizo otere amabwerera. Chipangizocho n'chodula, kuchiika kumafuna kuti ndege iime masiku angapo, ndipo eni ndege zing'onozing'ono ndalama zimawavuta nthawi zonse. Koma ndege imene inkafunika kukwera mafiti mazana ochepa okha, ili ndi mphamvu yochita zimenezo m'masekondi osakwana 20, inasowa liwu loti liidzutse. NTSB inalemba kusowa kwa TAWS ngati chimodzi mwa zothandizira ngoziyi. Amene mumasaina mabuku a ndege, makaniko ndi oyang'anira kukonza, ganizo la mu ofesi la zaka zapitazo limakakwera nawo ndege usiku umene inu simudzakhalapo.

Sinali yoyamba

Pa 16 Malichi 1991, ndege ya Hawker Siddeley 125 inanyamuka pa bwalo la Brown Field ku San Diego pakati pa usiku, mwa VFR, ndi cholinga chokalandira chilolezo cha IFR ili kale m'mwamba. Inakhala m'munsi popewa mlengalenga wotetezedwa wa San Diego ndipo inawomba phiri la Otay. Anthu 10 anafa, ambiri mwa iwo oimba a gulu limodzi. Pa 24 Okutobala 2004, ndege ya Learjet 35A yonyamula odwala inanyamuka pa bwalo lomwelo, usiku, mwa njira yomweyo, n'kukawomba phiri lomwelo. Anafa anthu asanu. Pa ngozi yachiwiriyi oyendetsa anali akulankhula ndi woyang'anira, MSAW inachenjeza, koma chenjezolo silinaperekedwe kwa iwo, ndipo NTSB inapeza vuto mbali zonse ziwiri. Ndimaitchula dala kuti wina asaganize kuti kulankhula ndi a rada kumamuchotsera udindo wodziwa mapiri ali kutsogolo kwake.

Pa 8 Novembala 2007, ndege ya Cessna 182 ya bungwe la Civil Air Patrol inachoka ku North Las Vegas usiku n'kuwomba phiri la Potosi. Oyendetsa awiri amene anafa anali ndi maola oposa 25,000 aliyense, ndipo ndegeyo inali yatsopano, ya zipangizo zamakono. Kumayambiriro kwa 2008 NTSB inatulutsa chenjezo lapadera lonena za ngozi za VFR usiku. Ngozi ya ku Superstition inachitika chenjezolo litatha zaka zoposa zitatu lili poyera.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo monga ingaonekere. Bwalo la Chileka lili ndi Michiru ndi Ndirande pafupi, phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000, ndipo Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002. Midzi yambiri yozungulira mapiriwa ilibe magetsi, m'tauni namo amazimazima, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umabisa ngakhale nyenyezi za m'munsi. Ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inachitika m'mawa kuli nkhungu, osati usiku, choncho ndi nkhani ina. Kufanana kwake n'kwakuti konseko nthaka yokwera inali pafupi ndipo maso sakanatha kuiona.

Mmene ndimaigwiritsira ntchito pophunzitsa

Ndimayala mapu a dera la Phoenix patebulo, ndi rula ndi pensulo. GPS ndi tabuleti zimakhala m'chikwama kaye. Ndimamuuza wophunzira ajambule mzere wa Falcon Field kupita ku Safford, ndipo ambiri amasangalala poona kuti walambalala phiri. Kenaka ndimati: "Mwanyamuka pa 4R, a pa nsanja akuti mupitirire molunjika. Werengani mphindi imodzi ndi theka, muike kadontho, mujambulenso." Pensulo ikafika pa mizere yothinana ya phiri, sindifunikanso kulankhula zambiri.

Zikatero timawerengera kutalika. Lamulo la IFR m'madera a mapiri limati ukhale mafiti 2,000 pamwamba pa chinthu chachitali koposa chimene chili mkati mwa manotiko mailosi anayi mbali iliyonse ya njira yako, makilomita pafupifupi asanu ndi awiri ndi theka. Lamulo la VFR silikukakamiza zimenezi, koma usiku wopanda mwezi ine ndimakakamiza, chifukwa munthu amene sakuona nthaka akuyendera zipangizo kale ngakhale pepala lake litalembedwa VFR. Tawonani kuti mulingo wa mailosi anayiwo ukuligwira phirilo ngakhale pa mzere woyamba uja, umene unkaoneka wabwino. Ndiye kuti maulendo am'mbuyomo amene anatha bwino analinso ndi mpata wochepa kuposa mmene woyendetsa ankaganizira.

Nsonga ya mafiti 5,000 ndi pang'ono, kuphatikiza 2,000, ikutipatsa mafiti oposa 7,000. Ndege ya VFR yolowera kum'mawa imauluka pa masauzande osagawika pawiri kuphatikiza 500, choncho nambala yoyamba yotheka ndi 7,500. Wophunzira amailemba ndi zilembo zazikulu pamwamba pa pepala la ulendo injini zisanalizidwe, pamodzi ndi malo amene ayenera kukhala atafika pa kutalikako, komanso mbali yokhotera ngati pamalopo sanafikebe.

Akailemba amaona yekha kuti 7,500 sikwana pansi pa denga la 5,000. Ndiye zotsala ndi zoti asankhe ali pansi, ndege itaima: kupereka ndondomeko ya IFR ngati ali ndi chiphaso chake, kuitana oyang'anira a Phoenix atangodzuka n'kupempha kukwera kudutsa mu Class B, kapena kulowera kumwera kumene kuli chigwa ndi misewu yowala mpaka atatuluka pansi pa sitepeyo n'kukwera asanaloze kumapiri. Akakanizidwa chilolezo, azungulire pamwamba pa nyali za mzinda kudikira, kapena abwerere akatere. Wophunzira amene sangandiuze kuti asankha iti mwa njira zimenezi, ndi zimene achite a pa nsanja akamusuntha pa mzere wake, ulendo wake wausiku sindisainira, ndipo timaukonzanso kuti udzakhale wam'mawa.